Foni yanu imasunga chinsinsi cha ndani?



Mwezi wathawu mtsikana wina wa m'kalabu yathu anasiya foni pa kashopu kena kuti imutchajire. Foniyo inalibe PIN. Mnyamata wotchajayo anawerenga uthenga wokumbutsa tsiku lokatenga ma ARV, ndipo pofika Loweruka nkhani inali pamjigo. Mnzathuyo anadumphitsa tsiku lake chifukwa cha manyazi, mpaka tinachita kukamutenga kunyumba n'kumuperekeza kuchipatala.

Kuno ku Chiradzulu a MSF anayamba kupereka ma ARV mu 2001, ambiri a ife tisanabadwe. Mankhwala alipo. Chinamuthawitsa mnzathuyu ndi pakamwa pa anthu basi.

Kaya wotchaja uja akudziwa kaya ayi, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula kuti munthu ali ndi kachirombo iye asanavomere. Mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya munthu, loyang'aniridwa ndi MACRA. Kampani kapena bungwe likafuna nambala ya chitupa chanu, lifunseni kuti likufuna kuchita nayo chiyani, ndi ufulu wanu. Chaka chomwecho akuba a pa kompyuta anathyola makina opangira mapasipoti ku Immigration. Ngati a boma zinawaonekera, nanji kafoni kanu ka mabatani?

Ndiye potchajitsa, thimitsani foni, chotsani SIM ndi memori khadi. Mauthenga a kuchipatala mukawerenga, fufutani, tsikulo mulembe kwina. Amene sadziwa kuika PIN atsale tikamaliza, ndikhala pano mpaka 4 koloko.