Msonkho wa Bungwe la Osunga Mabuku

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a sukulu za misyoni ku Lusaka

Mwandipempha kuti ndinene za msonkho umene membala apereka caka ndi caka ku bungwe la osunga mabuku, popeza ambiri a inu muli ndi makiyi a kabati ya mabuku pa sukulu zanu, koma m'bungwelo simunalowe. Ndidzanena cimene ndiganiza ine. Kuvomera kapena kukana kuli kwa eni ace pa msonkhano wao waukulu.

Bungweli linayamba m'caka ca 1967 ndi dzina la Zambia Library Association, ndipo lero lichedwa Library and Information Association of Zambia. Pamene linabadwa, Zambia Library Service inali ya zaka zisanu zokha, University of Zambia inali itangotsegulidwa mu 1966, ndipo anthu anali kugulabe ndi mapaundi ndi masheleni. Mu January 1968 kunadza kwacha, paundi imodzi nisinthidwa ndi makwacha awiri. Pofika January 2013 ndalamayo inali itapepuka kotero kuti Boma linafafaniza maziro atatu, K1,000 nisanduka K1.

Ndakumbutsa izi kuti muone cinthu cimodzi. Msonkho wochulidwa ndi nambala m'malamulo a bungwe liri lonse umapepuka pamodzi ndi ndalama. Pakapita zaka zowerengeka msungicuma apeza kuti za m'thumba sizikwanira ngakhale kubwereka holo. Apempha kuti msonkho ukwere. Anthu akangana tsiku lonse, ndipo ukakwera, oyamba kucoka ndi aja a malipiro ocepa. Cotero bungwe litsala la akuluakulu okhaokha.

Ena ati cilungamo ndico kuti onse apereke mofanana. Ine ndikana. Taganizirani anthu atatu a mu mzinda uno. Wina ndi mkulu wa laibulale yaikulu, akhala ku Woodlands kapena ku Kabulonga, napita ku nchito pa galimoto lace. Wina ndi wothandiza pa laibulale ya Kanselo mu Katondo Road, amene akwera basi m'mamawa kucokera ku Chelstone, nalipira ulendo kawiri pa tsiku. Wacitatu ndi mphunzitsi wa ku Kabwata, amene aphunzitsa tsiku lonse, ndipo ana akaweruka atsala kumata mabuku ong'ambika, osalandirapo ngakhale ngwee imodzi. Kwa woyamba msonkhowo ndi mtengo wa cakudya camasana. Kwa wacitatu ndi thumba la ufa. Ife a m'mipingo sitiyenera kudabwa ndi nkhani yotere, pakuti sitinauzepo mai wamasiye kuti aponye m'mbale zolingana ndi mwini sitolo.

Cimene ndipempha tsono ndi ici: msonkho wa pa caka ukhale malipiro a tsiku limodzi. Mwacitsanzo, wolandira K6,000 pa mwezi apereke K200, wolandira K30,000 apereke K1,000. Malipiro akakwera, msonkho ukwera wokha, popanda mkangano. Ophunzira za mabuku ku Evelyn Hone College ndi ku University, pamodzi ndi opuma pa nchito, apereke kangacepe kongolembetsa dzina.

Si nzeru yacilendo ai. Ku Britain Library Association inayamba mu 1877, niphatikana ndi bungwe lina mu 2002 kukhala CILIP, ndipo kwa zaka zambiri mamembala ace anapereka monga mwa malipiro ao. IFLA, imene isonkhanitsa mabungwe a maiko onse kuyambira 1927, sichula mtengo umodzi kwa bungwe lalikulu ndi laling'ono.

Ndidziwa cimene muli kunong'onezana kumbuyoko: ndani afuna kuti msungicuma adziwe malipiro ace? Nkhawa imeneyi njoona, makamaka mu Lusaka, m'mene mau onenedwa m'mawa ku Cairo Road amveka ku Chelstone dzuwa lisanalowe. Mankhwala ace ndi kugawa msonkho m'magulu atatu kapena anai. Membala achule yekha gulu lace, osaonetsa pepala la malipiro. Adzapezeka wina wonama, inde. Koma kutaya makwacha pang'ono pa munthu mmodzi wotere sikulingana ndi kutaya aphunzitsi onse amene aima kunja lero.

Kunena za nthawi yolipira, January ndi mwezi woipa kwa munthu ali yense: yunifomu, nsapato, ndi feteleza wa abale kumudzi. Mphunzitsi aloledwe kupereka katatu, kamodzi pa teremu, potumiza ndi foni. Ndipo amene anasiya kulipira kale asawerengeredwe ngongole ya zaka zonse pobwerera, cifukwa ngongole yotere siilipidwa konse, ingotseka khomo.

Mungafunse kuti za bungwe la eni zitikhudza bwanji ife. Kuyambira 2022, pamene Boma linacotsa fizi m'sukulu zace, ana acuruka m'makalasi, ndipo buku limodzi ligwiridwa ndi manja ambiri. Osunga mabuku akhala akupempha Boma kwa zaka zambiri kuti liike lamulo la malaibulale, ndipo nduna ikalandira nthumwi ifunsa kuti alankhulira anthu angati. Ngati aphunzitsi mulibemo, za kabati ya pa sukulu ya misyoni palibe adzazichula.

Cenjezo limodzi kwa aphunzitsi akulu. Sukulu ingathe kulembetsa monga sukulu, ndipo ncabwino. Koma mphunzitsi wosunga mabuku akhalenso ndi umembala wacewace, kuti akasamutsidwa apite nao. Ndipempha mlembi wathu alembe maina a onse osunga mabuku m'sukulu zathu teremu ino isanathe, kuti kalata yathu ku bungwelo ipite ndi ciwerengero ca anthu ofuna kulowa.