Dzina la pa Chikwangwani ndi Ntchito ya Mtsogoleri

A wapampando wa mwambo uno, mafumu athu a Gogo Chalo ndi ma Inkosi, a bwanamkubwa a boma la Mchinji, makhansala, atsogoleri a zipembedzo, amayi ndi abambo ochita malonda pachipata pano, ndi inu abale athu amene mwadutsa kuchokera ku Mwami ndi ku Chipata, ndakulonjerani nonse. Zikomo pondipatsa ulemu wotsekulira mtsutso wa lero, wounika zimene atsogoleri athu achita pa maudindo awo.

Anzathu a ku Tete, chiyambire chisankho cha 2019, ali ndi gavanala wa chigawo wolowa kudzera m'mavoti, ndipo zikavuta amadziwa khomo logogoda. Kwathu kuno udindo ndi wogawikana. Bwanamkubwa amatumizidwa ndi boma, khansala ndi phungu timawasankha ife, ndalama zikuluzikulu zimachokera ku Lilongwe kapena kunja. Chikamangidwa chinthu, onsewa amachiloza kuti n'chawo. Chikagwa, chimasowa mwini. N'chifukwa chake ndikupempha otsutsana lero kuti dzina lolembedwa pa chikwangwani chotsekulira lisakhale umboni wokwanira. Mtsogoleri tizimuyeza ndi gawo limene linali m'manja mwake, ndiponso ngati chinthucho chikutumikira anthu mwambo utatha.

Umboni sitiufuna kutali, njanji ili apayi. Inafika kuno ku Mchinji kuchokera ku Lilongwe m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndi thandizo la dziko la Canada. Ntchito yoilumikiza ndi Chipata, mtunda wa makilomita 27 okha, inayamba mu 1982 m'nthawi ya Kenneth Kaunda, n'kuima zaka zambirimbiri. Inatsekuliridwa mu Ogasiti 2010, pamaso pa mapulezidenti Rupiah Banda, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza. Zaka 28 pa mtunda umene wa kabaza amautha dzuwa lisanakwere! Tsono njanjiyi tiilembe m'buku la yani? Woyamba, wotsiriza, kapena onse amene anaisiya pakati? Funso lopweteka kwambiri n'lakuti chitsekulireni yanyamula chiyani, poti tonse tikuona kuti feteleza, mafuta ndi simenti zikudutsabe pa malole mumsewu wa M12. Amene anadula riboni anachita mbali yake. Koma lonjezo linali loti katundu azitsika mtengo poyenda pa sitima mpaka kudoko la Nacala, ndipo lonjezolo ndi limene liyenera kufunsidwa.

Chimodzimodzi nyumba ya pachipata ino, imene Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsekulira mu Disembala 2022. Ndalama zake zinachokera ku African Development Bank, pansi pa ntchito ya msewu wa ku Nacala, ndipo mapulani ake anakonzedwa awiriwa asanalowe m'boma. Izi sizichotsa ulemu wawo, pakuti kutsiriza chimene anayamba mnzako wa chipani china n'chinthu chosowa m'ndale zathu. Koma cholinga cha nyumbayi chinali chakuti munthu aziima kamodzi m'malo moima kawiri. Choncho wofuna kuyamikira kapena kudzudzula atiuze maola amene dalaivala wa lole amatha pano lero poyerekeza ndi kale. Atiuze ngati mayi wonyamula zitenje ndi mtedza akupindula ndi ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, imene inayamba mu 2010, kapena akuzemberabe m'njira zam'tchire poopa mafomu ndi ziphuphu. Mayankho ake ali ndi anthu amene mwakhala pansi pa tentipa.

Pali china chimene Mchinji inapatsa dziko lino chopanda chikwangwani. Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, anayesedwa koyamba m'boma lino mu 2006, m'nthawi ya Bingu, mothandizidwa ndi UNICEF. Ofufuza a ku Boston University anapeza kuti mabanja olandira ankadya bwinoko ndipo ana awo ankapita kusukulu kuposa kale. Lero ndondomekoyi ili m'maboma onse 28. Palibe anaidulira riboni m'mudzi uliwonse, koma maboma a zipani zosiyana aisunga. Tikamawerenga nyumba zokha, ntchito ngati iyi, ndi ogwira ntchito kukhonsolo amene anaiyendetsa, sizioneka konse.

Ena anena kuti kuunika mkulu pagulu n'chipongwe. Ndikuwamva, ulemu ndi chuma chathu. Koma pabwalo la mfumu mlandu umazengedwa poyera, ndipo nduna zimafunsa mafunso olasa popanda kutukwana. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ufulu wofunsa, ndipo lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga wa boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Kupempha lipoti la ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera la CDF ndi kugwiritsa ntchito lamulo. Chipongwe chenicheni chinachitika pakati pa 2005 ndi 2014, pamene dziko linakhala lopanda makhansala, anthu n'kusowa wowafunsira kukhonsolo.

Ena atsutsa mwamphamvu kuposa apa. Ati ngati chitukuko chilichonse chili ndi manja ambiri, ndiye kuti palibe woyamikiridwa ndipo palibe wolakwa. Aliyense aziti ndinapeza zili choncho. Chiopsezo chimenechi chilipodi, ndipo andale amachidziwa bwino. Yankho lake ndi kugawa mlandu molingana ndi udindo. Phungu sanamange njanji, koma tingamufunse kuti anailankhula kangati m'Nyumba ya Malamulo. Bwanamkubwa sakhazikitsa misonkho ya pachipata, koma ndiye woyang'anira ndalama za khonsolo, ndipo malipoti a wofufuza mabuku a boma amaonetsa mmene zayendera. Khansala alibe mphamvu pa mtengo wa soya, koma mjigo wa m'dera lake ukafa miyezi isanu ndi umodzi osakonzedwa, ameneyo ndi wake. Kuyeza kotereku n'kovutirapo kusiyana ndi kuimba nyimbo zotamanda kapena zonyoza, komanso kumateteza mtsogoleri wakhama kuti asasenzetsedwe katundu wa ena.

Kwa otsutsana, pempho langa ndi ili: mukatchula chitukuko, mutchulenso chaka chimene chinayamba, gwero la ndalama zake, ngati ndi ngongole kapena mphatso, ndi mmene chikugwirira ntchito lero. Oweruza asapereke mapointi pa kukweza mawu. Atsogoleri amene muli pano mupatsidwa nthawi yoyankha, ndipo ndikupempha anthu kuti akumvetsereni mpaka mutsirize. A wapampando, ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti mtsutso wathu watsekulidwa.