GALIMOTO YA ROLLS-ROYCE NDI ENI ACE

Nkhani yathu ya lero ndi ya galimoto imene ambiri a ife sitidzagula konse, ngakhale tigwire nchito mpaka imvi zitayera mbuu. Wina angafunse kuti, nanga tiikambiranji? Ine ndiyankha kuti munthu ali yense amene amakhala ndi makina tsiku ndi tsiku, pansi pa mgodi kapena m'shopu ya zitsulo, ali ndi mbali yace m'nkhani imeneyi, pakuti amene anaiyamba anali mnzace, munthu wa manja akuda ndi girizi.

Rolls-Royce ndi maina a anthu awiri amene anasiyana kubadwa kwao monga usiku ndi usana. Henry Royce anabadwa mu 1863 pa mudzi wa Alwalton, pafupi ndi Peterborough ku England. Atate wace anali ndi cigayo, koma malonda sanawayendere, banja linasamukira ku London, ndipo iwo anamwalira mu 1872 mwanayo ali ndi zaka 9. Sukulu anangoilawa cabe. Anagulitsa nyuzipepala, napereka matelegalamu khomo ndi khomo kuti m'nyumba mupezeke cakudya. Mu 1878 mai wina wacibale anamlipirira kuti aphunzire nchito ku mashopu a njanji ya Great Northern ku Peterborough, koma patapita zaka 3 ndalama zinatha, ndipo mnyamatayo analeka asanamalize. Anagwirako nchito ku Leeds, kenaka analowa nchito ya magetsi, imene inali yacilendo masiku amenewo. Mu 1884, ali ndi £20 m'thumba, anatsegula kashopu ku Manchester pamodzi ndi bwenzi lace Ernest Claremont, amene anabwera ndi £50. Anayamba ndi tizipangizo ta magetsi, pambuyo pace napanga makina opangira magetsi ndi makina onyamulira katundu wolemera m'mwamba, onga amene muwaona m'mashopu akuru a pa migodi.

Atapeza bwino pang'ono, Royce anagula galimoto yogwirapo kale nchito ya ku France, ya mtundu wa Decauville. Sinamkondweretse. Inali kunjenjemera, inali ndi phokoso, ndipo iye anali munthu wosagona tulo akamva citsulo cikulira pamene siciyenera kulira. Anaiphwasula, naikonza, naiphwasulanso. Potsiriza anati ndi bwino apange yace. Mu 1904 anatulutsa magalimoto atatu a masilinda awiri. Sanatulukire canzeru catsopano ai. Cimene anacita ndico kutenga cinthu ciri conse cimene ena anapanga mothamanga ndi kucipanga bwino, mpaka zitsulo zigwirane popanda mpata.

Charles Rolls, wobadwa mu 1877, sanagulitsepo nyuzipepala. Anali mwana wa Lord Llangattock, mwini malo akuru pafupi ndi Monmouth, ndipo anaphunzira ku Cambridge. Anali wokonda liwiro ndi zouluka, nakhala ndi malonda ogulitsa magalimoto ocokera kunja ku London. Cimene cinali kumsowa ndi galimoto yabwino yopangidwa kwao. Munthu wina wodziwana ndi onse awiri, Henry Edmunds, anawakomanitsa pa 4 May 1904 ku Midland Hotel mu Manchester. Rolls sanali kukonda injini za masilinda awiri cifukwa ca kugwedeza kwace, koma atayendetsa ya Royce anasintha maganizo, navomera kugulitsa magalimoto onse amene Royce angapange. Kampani ya Rolls-Royce Limited inalembedwa mu 1906, ndipo mu 1908 inasamukira ku fakitale yatsopano ku Derby.

Panali munthu wacitatu amene dzina lace siliri pa galimotoyo, Claude Johnson, woyendetsa malonda. Iye anadziwa kuti olemera sakhulupirira mau, amafuna umboni. Tsono mu 1907 anatenga galimoto imodzi ya mtundu watsopano wa masilinda 6, naipaka utoto wonga siliva, naicha Silver Ghost, ndiye kuti mzukwa wa siliva, cifukwa inali kufika popanda kumveka. Anaipereka m'manja mwa oyang'anira a Royal Automobile Club kuti aiyese. Inayenda pakati pa London ndi Glasgow kupita ndi kubwera, usana ndi usiku, kupuma pa Sabata pokha, m'miseu ya nthawi imeneyo imene yambiri inali ya miyala ndi pfumbi. Itayenda mailosi 629 inaima kamodzi, cifukwa kampopi ka petulo kanadzitseka kokha ndi kugwedezeka. Kucokera apo inayenda mailosi 14,371 osaima cifukwa ca bvuto, nikwanitsa 15,000. Oyang'anira anaiphwasula yonse nayeza zitsulo zace, ndipo mtengo wa zimene zinafunika kusintha kuti ibwerere mwakale unali £2 2s. 7d. Inu amakaniko mudziwa tanthauzo la nambala imeneyi koposa ine. Galimoto yomweyo, ya nambala AX 201, inagulitsidwa mu 1908, mwini wace nayenda nayo maulendo a ku Italy zaka zambiri, ndipo mu 1948 inabwerera ku kampani.

Rolls sanakhale nthawi kuti adye zipatso za nchitoyi. Mu June 1910 anaoloka nyanja ya pakati pa England ndi France pa ndege, kupita ndi kubwera osatera. Mwezi wotsatira, pa 12 July, mcira wa ndege yace unathyoka pa cionetsero ku Bournemouth, nagwa, namwalira ali ndi zaka 32. Royce nayenso anadwala kwambiri, pakuti anali munthu woiwala kudya ndi kugona akakhala pa nchito. Madokotala anamcotsa ku Derby. Zaka zotsiriza za moyo wace anakhala ku West Wittering, m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, ndi ku Le Canadel ku France nyengo yozizira, ali ndi kagulu ka ojambula mapulani pafupi naye. Fakitale inali kulandira malamulo ace pa mapepala, ndipo anchito anali kumuopa monga ngati ali pakhomo.

Tsopano tikambe za eni ace, pakuti galimoto imadziwika ndi amene anaikwera. Coyamba mudziwe kuti kufikira nkhondo yaciwiri itatha, kampaniyi sinali kugulitsa galimoto yathunthu. Wogula anali kulandira injini, mafupa a pansi ndi mawilo; thupi lace, mipando ndi zitseko anali kukapangitsa kwa amisiri ena monga Hooper, Barker kapena Park Ward, monga momwe munthu amagulira nsaru napita nayo kwa telala. Cifukwa cace magalimoto akale a Rolls-Royce safanana. Mafumu olemera a ku India anagula ambiri, ena napangitsa okapitira kosaka nyama, a nyali zazikuru ndi malo oikamo mfuti. Ndipo popeza eni ace ambiri sanali kuyendetsa okha, kampani inatsegula sukulu ya madalaivala, kumene munthu anali kuphunzira kuthira mafuta pa malo ace onse ndi kusintha magiya mwini galimoto osamva. Ulemu unali kupita kwa wokhala kumbuyo, koma moyo wa galimotoyo unali m'manja mwa wokhala kutsogolo.

Si onse amene anakondwa. Mu 1912 mwini wina, James Radley, analowa ndi Silver Ghost yace mu mpikisano wa m'mapiri a Alps ku Austria. Pa citunda ca Katschberg galimotoyo inalephera kukwera, okwera natsika kuti ipepuke. Galimoto imene nyuzipepala zinali kuicha yoposa zonse pa dziko inacita manyazi pamaso pa alendo. Colakwa cinali ca opanga: inali ndi magiya atatu okha, ndipo giya yoyamba inalibe mphamvu yokwanira phiri lotere. Kampani sinakane mlandu. Inapanga bokosi la magiya anai, nitumiza magalimoto atatu ku mpikisano wa 1913, Radley nabweranso ndi yace, ndipo anakwera mapiri onsewo mosabvuta. Kwa ine nkhani iyi iposa ya mailosi 15,000 aja, cifukwa makina ali onse amalephera tsiku lina, koma si opanga onse amene amabwerera pa citunda cimene cinawagonjetsa.

Pa nkhondo yoyamba ma Silver Ghost anabvekedwa zitsulo zochinga zipolopolo, ndipo T. E. Lawrence anayenda nao m'cipululu ca Arabia. Cinanso codabwitsa ndi ici: Lenin, mtsogoleri wa Russia amene anaphunzitsa za kutha kwa olemera, anali kukwera Rolls-Royce. Imodzi inaikidwa malamba kumbuyo monga a thirakitala ndi matabwa otsetsereka kutsogolo kuti iyende pa cipale, ndipo inasungidwa ku nyumba imene iye anamwalirira ku Gorki. Woimba John Lennon anagula Phantom V yakuda mu 1965, ndipo mu 1967 anaipakitsa utoto wacikasu ndi maluwa. Akuruakuru ena a ku England anakwiya ngati watukwana mfumu. Mu 1985 galimoto yomweyo inagulidwa ndi madola oposa 2 miliyoni.

Koma mwini amene ine ndimlemekeza ndi Allen Swift wa ku Connecticut mu America. Mu 1928 atate wace anampatsa Phantom I yobiriwira, yopangidwa ku fakitale imene kampaniyi inali nayo ku Springfield. Sanaigulitse, sanaisinthe ndi yatsopano. Anaisunga zaka 77, naiyendetsa mailosi ngati 170,000, kufikira imfa yace mu 2005 ali ndi zaka 102. Asanamwalire anapereka madola 1 miliyoni ku nyumba zosungiramo zakale za ku Springfield, ndipo galimotoyo inapita komweko, ku mudzi kumene inabadwira.

Pali mtundu wina wa eni amene nyuzipepala sizilemba za iwo. Silver Shadow, imene inapangidwa kuyambira 1965 kufikira 1980, inacuruka koposa mitundu yonse ya m'mbuyo mwace, ndipo itakalamba mtengo wace unatsika kotero kuti munthu wamba anatha kuigula. Ambiri anagula, napeza kuti agula nkhongole ya mawilo anai. Mabuleki ace ndi zoikweza kumbuyo zimayenda ndi mafuta opopedwa mwamphamvu m'mipaipi yambiri, nzeru imene kampani inabwereka kwa Citroën, ndipo zikayamba kudontha si makaniko ali yense angazigwire. Injini yace ya masilinda 8 imamwa petulo ngati ng'ombe yocokera ku dambo louma. Mtengo wogulira unatsika, koma mtengo wa zitsulo unakhala wa olemera. Amene munagulapo galimoto yakale pa mwezi wa bonasi, nimuiona itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba mvula isanagwe, mwamva cimene ndiri kunena.

Ife kuno tinalidziwa dzinali m'mwamba koposa pa mseu. Pa nkhondo yoyamba Royce anapanga injini ya ndege yochedwa Eagle, ndipo ziwiri zotere zinaolotsa Alcock ndi Brown nyanja ya Atlantic osatera mu 1919. Mu 1920 ndege ya mtundu womwewo, Silver Queen II, ya van Ryneveld ndi Brand, inadutsa dziko lino pa ulendo wa ku Cape, nitera ku Livingstone, koma inagwa ponyamuka ku Bulawayo. Ndege za Viscount zimene Central African Airways inayamba kuulutsa mu 1956 zinali ndi injini za Rolls-Royce Dart, zija za kulira kwa mluzu. Royce mwini anamwalira mu 1933, atapatsidwa ulemu wa Sir, asanaone injini ya Merlin ikunyamula ndege za Spitfire ndi Lancaster pa nkhondo yaciwiri.

Ndipo ndi ndege zomwezo zimene zinagwetsa kampani. Inalonjeza kupangira Lockheed injini yaikuru yochedwa RB211 pa mtengo wokhazikika, koma nchito inadya ndalama zambiri koposa zimene anawerenga, ndipo zipepeso za kutsogolo, zimene anayesa kupanga ndi ulusi wa kaboni, zinasweka poyesedwa ndi mbalame. Mu February 1971 Rolls-Royce inalephera kulipira nkhongole zace, ndipo boma la Britain linaitenga kuti nchito za anthu zikwi zambiri zisathe. Mbali ya magalimoto, imene inali ku Crewe pamodzi ndi Bentley yogulidwa mu 1931, inapatulidwa mu 1973, ndipo mu 1980 inalowa m'manja mwa Vickers.

Mu 1998 makampani awiri a ku Germany analimbirana. Volkswagen inapambana, nilipira £430 miliyoni, nitenga fakitale ya Crewe ndi anchito ace. Koma dzina lenileni la Rolls-Royce silinali m'katundu amene inagula, pakuti mwini wace anali kampani ya injini za ndege, ndipo iyo inalola BMW kuligwiritsa nchito pa £40 miliyoni cabe. Wina anagula khola, mnzace natenga ng'ombe. Anapangana kuti Volkswagen ikhale ndi Bentley ku Crewe, ndipo kuyambira 1 January 2003 BMW inayamba kutulutsa magalimoto a Rolls-Royce pa fakitale yatsopano ku Goodwood, mailosi owerengeka kucokera ku West Wittering kumene Royce anamwalirira. Mu 2023 fakitale imeneyi inayamba kupereka kwa ogula galimoto yochedwa Spectre, imene iribe silinda ngakhale imodzi: imayenda ndi magetsi, nchito imene Henry Royce anayamba nayo ku Manchester ali ndi £20.

Nthawi yathu yatha. Gonani bwino nonse, ndipo a shifiti ya usiku muyende bwino.