Kuthamanga m'Thengo ndi Kupeza Njira

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Mwandipatsa kanthawi kuti ndinene za masewera a ana, ndipo ndasankha amodzi okha, ndiwo kuthamanga m'thengo mwana atagwira mapu m'dzanja.

Ndiyambe ndi anthu awiri. Mu December 1958 ku Salisbury, kumene lero timati Harare, kunali mpikisano wa mailosi atatu. Gordon Pirie wa ku England, amene anakhala waciwiri pa liwiro la mamita 5,000 pa Olimpiki ya ku Melbourne mu 1956, anagonja kwa Yotham Muleya, mnyamata wa ku Choma wophunzira umakaniko mu Lusaka. Poyamba anafuna kumkaniza cifukwa ca khungu lake. Atamlola, anathamanga wopanda nsapato, nawasiya onse m'mbuyo. Caka cotsatira Muleya anafa pa ngozi ya galimoto ku Michigan. Pirie uja anadzatembenukira ku masewera ocokera ku Norway ndi Sweden, ochedwa orienteering, nakhala katswiri wa Britain mu 1967 ndi 1968. M'masewera amenewa wothamanga apatsidwa mapu ndi kampasi, nauzidwa malo angapo oti afikeko motsatana. Njira asankha yekha. Miyendo yonga ya Muleya ana athu ali nayo. Cimene sitiwaphunzitsa ndico kuganiza ali pa liwiro.

Ine ndinazindikira ici mocititsa manyazi pamene ndinali kuphunzitsa ku Kanyama. Kumeneko nthaka ndi yacidikha, nyumba nzothithikana, ndipo tinjira tifanana tonse. Tsiku lina ndinajambula mapu pa bolodi, ana nakopera, ndipo ndinawatuma kumalo anai. Mnyamata wanga waliwiro koposa onse anapitirira pokhotera poyamba, osayang'ana pepala, mpaka anakaturukira pa mseu wa ku Mumbwa. Woyamba kubwera anali mtsikana wothamanga mwapang'onopang'ono. Mnyamatayo anafika dzuwa litalowa, ndipo mau amene amai ake anandiuza m'mawa mwake sindingawabwereze pamaso pa abusa. Colakwa cinali canga: ndinawatuma kutali ndisanawazolowetse pafupi.

Yambani tsono pabwalo la sukulu. Bwalo la mpira litalika ngati mamita 100. Mwana ali yense awerenge kuti phazi lake lamanja liponda kangati pamenepo, poyenda ndiponso pothamanga, nasunge ciwerengeroco pamtima. Ndi ciwerengero cimeneco ajambule mapu a sukulu: cipinda, citsime, mtengo wa mango, cimbudzi. Nchito imeneyi ilowa bwino m'phunziro la masamu, ndipo mkulu wa sukulu sadzadandaula kuti mwataya nthawi. Mukapeza mapu a boma a 1:50,000, auzeni kuti masentimita awiri pa pepala ndiwo kilomita imodzi pansi.

Masiku awiri pa sabata athamange cabe, mphindi 20 kapena 30, pa liwiro loti angathe kuceza ndi mnzao osabanika. Aphunzitsi ambiri aciona ngati ulesi. Si ulesi ai. Mwana wotha mpweya sawerenga kanthu, ndipo maso ake angoona msana wa mnzake wa patsogolo. Tsiku limodzi likhale la zitunda. A ku Matero ali nazo pakhomo pomwe, koma ife a ku Kanyama tinali kusirira inu a kumidzi, amene muli ndi mapiri, madambo ndi zulu zosawerengeka. Tsiku lina mangani tinsanza pamalo asanu kapena asanu ndi limodzi, mulembe malowo pa mapu, ndi kutulutsa ana awiriawiri, motalikitsa mphindi ziwiri, kuti asamangotsatana.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndiumirira. Cala cacikuru cikhale pa mapu pomwe mwanayo waima, ndi kusendera pamene iye asendera. Ndipo pokhota, mapu asakhote naye: kumpoto kwa pepala kuloze kumpoto kwa dziko nthawi zonse. Kampasi ikasowa, dzuwa lithandiza, koma cenjerani. Kuno kwathu m'miyezi yozizira mthunzi wa masana uloza kumwera, pamene mu December uloza kumpoto. Ndaona mphunzitsi wamkuru akusokera ndi gulu lonse poiwala ici.

Za ngozi ndisabise. Ku Kanyama ndi ku George maenje okumbamo miyala adzala madzi m'dzinja, ndipo mwana wothamanga sawaona msanga; muwalembe pa mapu ndi cofiira. Kolera ya 2017 ndi 2018 inagwira Kanyama koopsa, cifukwa cake mwana asamwe pa zitsime zosazama za m'njira, koma amwe kunyumba asananyamuke. M'komboni muli magalasi osweka ndi misomali, ndipo kumeneko za Muleya zopita cabe phazi sindizilola. Mu October athamange m'mamawa mokha. Wobwera ku sukulu osalawa kanthu mumpatse nchito yosunga wochi.

Asananyamuke, muwauze mbali imodzi yolowera akasokera, monga mseu waukuru kapena mtsinje umene sangauphonye, ndi nthawi yobwerera, ngakhale nsanza zisanapezeke zonse. Lembani maina poturuka, muwaconge pobwera, ndipo musacoke pabwalo dzina lotsiriza lisanacongedwe.