Tsiku limene mwana wanga adakana njovu ndi bulu

Awa ndi mawu amene mnzathu wina wokhala ku Amereka adayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu la ophunzira akale.

 A Mlembi atandilembera kalata yoti ndidzanenepo mawu, adandipempha kuti ndikambe za moyo wa ku Amereka. Ndikudziwa kuti ena mukudikira nkhani za chisanu ndi za galimoto, koma mundikhululukire, ine ndabwera ndi nkhani ya mkangano wa m'nyumba mwanga.

Ambiri a ife tikukumbukira tsiku la 14 June 1993. Ine ndidadzuka tambala woyamba asanalire, nkukaima pamzere kuti ndikasankhe nyali pa riferendamu. Kuyambira tsiku limenelo voti ndimaiona ngati chinthu chopatulika. Ndiye taganizani mmene mtima wanga udawawira m'chaka cha 2024, pamene mwana wanga wamkazi, wobadwira ku Michigan komwe tikukhala, adandiuza pa chakudya chamadzulo kuti iye sasankha pulezidenti aliyense. Adati onse awiri sakumufuna. Ndidamukalipira kwambiri, mpaka amayi ake adachita kundiletsa. Iye adangondifunsa funso limodzi: "Adadi, ngati sindikufuna njovu ndiponso sindikufuna bulu, ndipite kuti?" Paja chizindikiro cha chipani cha Republican ndi njovu, cha Democrat ndi bulu. Yankho ndidalibe, ndipo ndi funso limeneli landichititsa kufufuza zimene ndikuuzeni lero.

Mwana wangayu sadali yekha. M'chaka chimenecho anthu ambiri ankadandaula kuti zipani ziwirizi zawapatsanso nkhalamba zomwe zija za mu 2020: a Joe Biden a zaka 81 ndi a Donald Trump a zaka 78. Mu February 2024, pa chisankho cha chipulula cha Democrat ku Michigan, anthu oposa 100,000 adachonga malo osonyeza kuti sali kumbali ya aliyense, ambiri mwa iwo pokwiya ndi nkhondo ya ku Gaza. A Biden adasiya mpikisano pa 21 July, ndipo mayi Kamala Harris adalowa m'malo mwawo popanda chipulula china. Ena adakondwa, koma ena adati, ife tidamusankha liti? Pomaliza a Trump ndiwo adapambana.

Tsono mufunsa kuti, dziko la anthu ophunzira chotere, bwanji osayambitsa chipani chachitatu? Zipani zina zilipo ndithu, monga Libertarian ndi Green, ndipo palibe lamulo loziletsa. Chimene chimazipha ndi mawerengedwe a mavoti. Ku Amereka pulezidenti sasankhidwa ndi chiwerengero cha mavoti a dziko lonse ayi. Dzikoli lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake malinga ndi kuchuluka kwa anthu. Nthumwi zonse pamodzi zilipo 538, ndipo wopeza 270 ndiye pulezidenti. Tsono mvetsani apa: kupatula ku Maine ndi ku Nebraska, amene watsogola m'chigawo, ngakhale ndi voti imodzi, amakokolola nthumwi zonse za chigawocho. Wachiwiri amabwerako chimanjamanja, nanji wachitatu!

Amene adazilawa bwino zimenezi ndi a Ross Perot, mpondamatiki wa ku Texas, amene adaima payekha mu 1992 polimbana ndi a George Bush ndi a Bill Clinton. Anthu pafupifupi 20 miliyoni adawavotera, kutanthauza anthu 19 pa 100 aliwonse. Nthumwi zimene adapeza? Ngakhale imodzi. Munthu womaliza wa chipani chachitatu kupambana m'zigawo adali a George Wallace mu 1968, ndipo pulezidenti womaliza amene sadali wa njovu kapena wa bulu, a Millard Fillmore, adachoka pampando mu 1853. Tangowerengani zaka zimenezo.

Koma chopweteka kwenikweni si kugonja. Chopweteka ndi chakuti ukavotera munthu amene mtima wako ukufuna, ukhoza kuthandiza amene ukumuopa kwambiri. Mu 2000 chisankho chonse chidatsamira pa chigawo cha Florida, kumene a George W. Bush adaposa a Al Gore ndi mavoti 537 okha. Kumeneko a Ralph Nader a chipani cha Green adapeza mavoti oposa 97,000, ndipo mpaka lero a Democrat ambiri amawaloza chala. Kwathu ku Michigan, mu 2016, a Trump adaposa mayi Hillary Clinton ndi mavoti osakwana 11,000, pamene mayi Jill Stein a Green adapeza oposa 51,000. Kaya anthu onsewo akadavotera Democrat kapena akadangokhala pakhomo, nkhani imeneyo amakangana nayo eni ake. Chimene ine ndaona ndi maso anga nchakuti mantha amenewa ndiwo chuma cha zipani ziwirizi. Kampeni ikafika pachimake, mawu amene amamveka kwambiri pa wailesi ya kanema si akuti "ndidzakuchitirani chakuti", koma akuti "mukapanda kundisankha, winayo akumalizani". Munthu amapita kukaponya voti ngati akumwa kwinini, atatsinzina.

Ndipo ife a ku Michigan tili ndi mwayi, chifukwa chigawo chathu chimagwera uku ndi uku, motero opikisana amabwera kudzatinyengerera mpaka kutitopetsa. Mnzanga wina wa ku California, kumene bulu wapambana chisankho cha pulezidenti chilichonse kuyambira mu 1992, amati voti yake idawerengedwa kale iye asanadzuke. Mu 2016 mayi Clinton adaposa a Trump ndi mavoti pafupifupi 2.9 miliyoni m'dziko lonse, koma mpando udapita kwa a Trump. Munthu wotere ukamuuza kuti voti iliyonse ndi yamtengo wapatali, amakuyang'ana ngati wamuuza nthano.

Apa ndiyenera kuvomera kuti mkwiyo wanga pa mwana uja udali wolakwika. Ndinkaganiza kuti ndi ulesi wa ana a masiku ano, osadziwa kuti iye adauona msampha ine ndisanauone. Komabe sindidagwirizane naye pa zonse. Kunena kuti zipani ziwirizi nzofanana si zoona; pa nkhani za misonkho, za chipatala, za mfuti ndi za ife obwera, kusiyana kulipo, ndipo amene amakumva pakhungu ndi osauka.

Ena kumeneko ayamba kukonza mawerengedwe m'malo modikira mtsogoleri wabwino kuti agwe kumwamba. Ku Maine, kuyambira mu 2018, ndi ku Alaska, kuyambira mu 2022, wovota amandandalika opikisana: uyu woyamba, uyu wachiwiri, uyu wachitatu. Ngati palibe wapitirira theka, wotsika kwambiri amachotsedwa, ndipo mavoti ake amapita kwa amene anthuwo adamuika pachiwiri. Motero ukhoza kusankha wakumtima kwako popanda kuopa kuti wataya voti. Musaganize kuti onse adailandira njira imeneyi. Mu 2024 anthu a ku Colorado, Idaho, Nevada ndi Oregon adaikana, ndipo ku Alaska idapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndi mavoti osakwana 1,000.

Pamene ndinkamufotokozera mwana wanga zimenezi, ndidamuuzanso monyadira kuti kwathu kuno, pa 3 February 2020, khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, nkugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Sadakhulupirire kuti dziko laling'ono la makolo ake lidakhudza mawerengedwe amene Amereka ikuopa kuwakhudza. Adachita kukafufuza yekha pa foni yake.

Tsiku la chisankho, pa 5 November 2024, tidapitira limodzi. Pepala la voti kumeneko ndi lalitali: pali aphungu, oweruza milandu, ngakhale a komiti yoyendetsa sukulu za m'dera. Potuluka adandiuza kuti wachonga ponseponse, koma mzere wa pamwamba, wa pulezidenti, wausiya woyera. Tidabwerera kunyumba osayankhulana. Mpaka lero amayi ake amatiletsa kuyamba nkhaniyi nsima ili patebulo.