Malo ku Mayunivesite Akunja Alipo, Koma Tiyambe Tawerengera

Loweruka lapitali tinalandira mlongo wathu amene anali membala wa kalabu ino ali ku sekondale, ndipo pano anamaliza digiri yake kunja. Amene simunabwere, nazi zimene analankhula. Tazilemba momwe anaziyankhulira.

Zikomo a tcheyamani, zikomo nonse. Nkhope zambiri pano ndi zachilendo kwa ine, ndiye kuti ndakula basi. Nthawi imene ndinkakhala pa mabenchi amenewa, ena a inu munali ku pulaimale.

Ndiyamba ndi nkhani yanga yochititsa manyazi. MSCE ndinakhoza ndi mapointi 9, ndipo kwathu kunali nthungululu. Ndinadziona ngati dziko lonse likundidikira. Ndinafunsira malo ku mayunivesite 8 a ku America, onse a mayina akuluakulu. Fomu iliyonse inali ndi mtengo wake, cha m'ma 75 mpaka 90 dollars, ndiye mayi anga anagulitsa mbuzi zitatu kuti tilipire. Mwezi wa March mayankho anayamba kubwera pa imelo. Onse 8 anandikana. Chimene chinandiwawa kwambiri sikukanidwako, koma kumva pambuyo pake kuti ndikadangopempha, ambiri mwa masukulu aja akadandichotsera ndalama ya fomuyo. Mbuzi za mayi zinapita chifukwa ndinkachita manyazi kufunsa. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndiye lero sindinabwere kudzakugwetsani mphwayi, komanso sindinabwere kudzakunamizani. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Mu 2023 anthu oposa 50,000 anafunsira malo ku Harvard, ndipo amene anatengedwa sanakwane 2,000. Pa anthu 100 alionse, osakwana 4. Ku Yale, Princeton, Stanford ndi MIT nkhani yake ndi yofananako. Tsono kumbukirani kuti malo ambiri amapita kwa ana a dziko lomwelo. Malo ochepa otsalawo tikulimbirana ndi ana a ku India, China, Nigeria, Kenya, Brazil, aliyense nambala wani pasukulu pake. Choncho ukakanidwa sizitanthauza kuti ndiwe mbuli. Amakana anthu ambirimbiri amene akadakhoza bwinobwino akadatengedwa, chifukwa mipando ndiyo yochepa.

Tibwere ku ndalama, poti mpamene pagona nkhani. Ku masukulu ngati amenewa, fizi, malo ogona ndi chakudya zimapitirira 80,000 dollars pa chaka. Musavutike kusintha mu makwacha, mutu ungakupwetekeni. Koma chodabwitsa nchakuti masukulu odula kwambiriwo ndi amenenso ali ndi thumba lalikulu lothandizira ophunzira. Mu 2025 Harvard inalengeza kuti mwana wochokera m'banja lopeza 100,000 dollars kapena kuchepera pa chaka salipira kalikonse. Ndikayang'ana m'chipinda muno, ndikuganiza kuti tonse tili m'gulu limenelo, kupatula ngati wina akubisa mgodi kunyumba. Pomwe mayunivesite aboma a ku America, amene fizi yake imaoneka yotsikirapo, kawirikawiri sapereka thandizo lokwanira kwa ochokera kunja. Ndiye yotchipa pa pepala ikhoza kukhala yosatheka kwa iwe, yodula pa pepala n'kukhala yaulere.

Pali mawu awiri achingerezi amene ndikufuna muwalembe: need-blind ndi need-aware. Sukulu ya need-blind imasankha ophunzira osayang'ana ngati ali ndi ndalama kapena ayi. Akakutenga, ndi pamene amaona kuti banja lako lingakwanitse zingati, iwo n'kulipira zotsalazo. Masukulu amene amachita zimenezi kwa ochokera kunja ndi owerengeka: Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst anayamba kalekale, Dartmouth ndi Bowdoin analowa m'gululi mu 2022, ndipo ena ochepa atsatira. Ena onsewo ndi need-aware. Kumeneko, pakakhala anthu awiri ofanana nzeru, wina akufunika thandizo lonse pomwe mnzake atha kudzilipirira, kawirikawiri amene amatengedwa ndi wodzilipirirayo. Si nkhanza, thumba lawo lili ndi malire. Komabe ena mwa masukulu a need-aware akakutenga amakulipirira zonse, ndiye musawasiye.

Wina anena kuti, ndiye bwanji ndingolemba kuti sindikufuna thandizo kuti anditenge, za ndalama ndikaonera konko? Ayi ndithu, musayerekeze. Masukulu ambiri amanena poyera kuti wochokera kunja amene sanapemphe thandizo pofunsira malo sadzaloledwa kupempha m'zaka zotsatira. Komanso sukulu isanakupatse pepala lotchedwa I-20, limene umapita nalo kukapempha visa, imafuna umboni kuti ndalama zilipodi. Lembani zoona. Fomu ya za chuma, kaya CSS Profile kaya ina ya sukuluyo, imafunsa zimene makolo amapeza. Ngati bambo ndi mlimi, mayi amagulitsa mandasi, palibe pepala la malipiro, fotokozani choncho. Khalani pansi ndi makolo, muwerengere za chaka chonse, mulembe kalata yolongosola. Umphawi si mlandu pa fomu imeneyi, koma bodza.

Nanga amayang'ana chiyani posankha? Choyamba ndi magiredi, kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, osati satifiketi ya MSCE yokha. Ndiye inu a Fomu 2 amene mukuti tidzalimbikira ku Fomu 4, mwamva. Chachiwiri ndi mayeso a SAT, amene amachongedwa pa 1600. MIT inayambiranso kuwafuna mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza mu 2024 kuti nawonso akufuna zotsatira za mayeso. Ambiri amene amatengedwa ku masukulu amenewa amakhala ndi 1500 kapena kuposa. Zokonzekera zilipo zaulere pa Khan Academy, chofunika ndi bandulo ndi khama. Ena amafunanso mayeso a Chingerezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo. Chachitatu ndi makalata a aphunzitsi okuchitira umboni. Musapite kwa aphunzitsi kutatsala masiku awiri. Apatseni mwezi, ndipo sankhani amene amakudziwanidi, osati amene ali ndi udindo waukulu chabe.

Chachinayi ndi nkhani imene umalemba ya iwe mwini, mawu osapitirira 650 pa Common App. Apa mpamene ndinalakwitsa kwambiri. Ndinalemba kuti Malawi ndi dziko losauka, ndikufuna kudzalitukula. Anzanga, anthu amenewo amawerenga nkhani zotero mazanamazana. Safuna kumva kuti ukuvutika chabe, akufuna kuona chimene unachita uli m'mavutomo. Taganizani za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija, koma anakabwereka buku ku laibulale n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Kenako anapita ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo anamaliza digiri ku Dartmouth mu 2014. Sikuti nonse mupange magetsi ayi. Koma ngati umaphunzitsa ana a m'dera lanu masamu Loweruka lililonse, ngati ndiwe amene umasunga kaundula wa banki m'khonde ya amayi, ngati unalera azing'ono ako uku ukuphunzira, zimenezo ndi ntchito zenizeni. Zilembeni. Ngakhale zimene mumachita mu kalabu ino zimawerengedwa, bola zikhale zooneka.

Za nthawi. Common App imalola kufunsira ku masukulu osapitirira 20, ngakhale MIT ili ndi fomu yakeyake. Ofunsira msanga amatseka cha pa 1 November, ena onse kumayambiriro kwa January, mayankho amabwera kumapeto kwa March, ndipo iwe umayenera kuvomera pofika 1 May. Samalani ndi njira yotchedwa Early Decision, chifukwa mumasayina kuti akakutengani mupita kumeneko basi. Chinanso, mukayamba kale digiri kuno kwathu, masukulu ambiri a ku America amakuonani ngati wosamuka kuchokera ku yunivesite ina, ndipo thandizo la oterowo ndi lochepa kwambiri. Funsani musanapange chiganizo.

Walira mvula walira matope. Ngakhale akulipirire zonse, pali pasipoti, pali 350 dollars ya SEVIS, pali ndalama ya visa, pali tikiti ya ndege ngati sanaiphatikize. Ndipo za visa ya ku America zavuta kwa ife Amalawi. Mu August 2025 anayamba kufuna chikole chofika 15,000 dollars kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha visa yokacheza, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Malawi inaikidwa pa mndandanda wa maiko amene ali ndi ziletso, kuphatikizapo pa visa ya maphunziro. Malamulo otere amasintha, koma musaike ndalama za makolo musanamve momwe zilili panthawiyo. Pitani ku EducationUSA ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, uphungu wawo ndi waulere.

Nchifukwa chake ndikuti musayang'ane dziko limodzi. Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012, imalipirira achinyamata a mu Africa ku masukulu monga University of Cape Town, University of Pretoria, Makerere ku Uganda ndi Ashesi ku Ghana. Umafunsira ku yunivesiteyo mwachindunji. Pali UWC, masukulu a zaka ziwiri ophunzitsa IB, ndipo imodzi, Waterford Kamhlaba, ili pafupi pompa ku Eswatini. Ku Toronto kuli sikolashipu ya Lester B. Pearson, koma imafuna kuti sukulu yako ikusankhe kaye. Ku Britain mayunivesite ambiri salola kulowa ndi MSCE yokha, amafuna A-Level kapena chaka chokonzekera, ndipo thandizo la digiri yoyamba ndi losowa. Kumeneko khomo limatseguka bwino pa digiri yachiwiri: Chevening, imene imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri, Commonwealth, ndi Rhodes ya ku Oxford imene Amalawi amaloledwa kupikisana nawo.

Ine chaka chachiwiri ndinasintha nzeru. Ndinafunsira ku masukulu 12 a m'maiko anayi, osalipira fomu ndi imodzi yomwe. Khumi anandikana, imodzi inanditenga popanda ndalama, imodzi ya ku South Africa inanditenga ndi zonse. Imodzi yomweyo inakwana.

Koma mvetsetsani ichi: lembaninso fomu ya NCHE. UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST si malo a anthu olephera. Anzanga angapo amene ndinawapeza akuchita digiri yachiwiri kunja anayambira konkuno. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musataye malo amene mwapeza chifukwa cha lonjezo la pa WhatsApp.

Pa za malonjezo pomwepo, pali anthu amene akuyenda m'matauni kumati tipatseni ndalama tikupezereni sikolashipu. Mnzanga wina makolo ake anagulitsa puloti, munthuyo foni n'kuzima mpaka lero. Sikolashipu yeniyeni sigulidwa, ndipo palibe munthu angakutsimikizireni malo ku Harvard, ngakhale atavala suti yotani.

A tcheyamani, pempho langa ndi ili. Tipeze kope limodzi la kalabu, tilembemo masukulu, masiku otsekera ndi zimene akufuna. Amene akufuna kuyesa chaka chino tizikumana Loweruka lililonse, tiziwerengerana nkhani zathu ndi kukonzana. Ine ndizibwera kawiri pa mwezi. Ndipo kanthu kamodzi kochita sabata ino: pitani kwa ahedi mukapemphe magiredi anu onse kuyambira Fomu 1, chifukwa mapepala amenewo amatenga nthawi kuti apezeke.

Mbuzi za mayi ndinabweza, zisanu m'malo mwa zitatu. Koma inu za kwanu zisagulitsidwe. Tsopano mafunso abwere.