Damu la pa Famu ndi Anthu Okhala Kumunsi

 Nkhani yathu ya madzulo ano ndiyo ya madamu ang'ono a pa mafamu, amene munthu aumba ndi dothi kuti amwetse ng'ombe ndi kuthirira dimba. Ambiri a inu mukapuma pa nchito mufuna malo ca ku Chisamba, ku Kapiri Mposhi kapena ku Mkushi. Kumeneko mudzapeza damu lotere kumtunda kwa nyumba yanu, kapena mudzalimanga ndinu.

Damu la Mulungushi, limene linatsegulidwa mu 1925 kuti mgodi wa Broken Hill upeze magetsi, linayesedwa ndi akatswiri. Koma la pa famu kawiri-kawiri limangidwa ndi mwini wace ndi thirakita, popanda woyesa. Musalipeputse poona kucepa kwace. Madzi odzaza hekitala imodzi, akuya mamita 2, alemera matani 20,000. Ngolo ya sitima ikasenza matani 40, ndiye kuti ngolo 500. Katundu yenseyo atsamira khoma la dothi usana ndi usiku.

Khomalo ligwa mwa njira ziwiri. Yoyamba ndiyo madzi kusefukira pamwamba pace. Inu a njanji mudziwa cimene cicitika mpata wa madzi wa pansi pa njanji ukatsekeka ndi zinyalala: madzi akwera, nadya dothi, njanji nitsala lende. Damu nalo liyenera kukhala ndi ngalande yaikulu pambali, yotayira madzi a mvula. Ngalandeyo ikacepa, kapena mwini akaitseka ndi matumba a mcenga pofuna kusunga madzi ambiri, cigumula cidzadzera pa khoma.

Njira yaciwiri ndi yobisika. Mizu ya mtengo ikaola m'khoma, kapena ciswe cikaboola, madzi apeza kanjira. Inu a pa mgodi mudziwa kuti pamene padontha lero, mawa payenda mtsinje. Madzi oyera ocuca pang'ono patsinde pa khoma si acilendo. Koma akayamba kutuluka a matope, nacuruka tsiku ndi tsiku, dziwani kuti khoma lirikudyeka m'kati.

Izi si zongoopseza ai. Pa 9 May 2018, usiku, damu la pa famu ku Solai m'dziko la Kenya linapasuka, ndipo anthu 48 anafa, ambiri mwa iwo ana. Kuno kwathu m'cigawo ca Pakati, damu la Kandesha ku Mumbwa linapasuka mu December 2020, nyumba zambiri nizigwa. Damu likagwa, mwini ataya madzi ace, koma a kumunsi ataya nyumba, mbeu ndi moyo.

Tsono inu eni madamu, lamulo la madzi la 2011 lifuna kuti mutenge cilolezo ku bungwe la WARMA musanatseke mtsinje. Lambulani ngalande mvula isanayambe. Zulani mitengo pa khoma ikali yaing'ono, mubzalepo udzu waufupi, ndipo ng'ombe zisapange njira pamenepo.

Inu a kumunsi, pitani mukaone khomalo ndi maso anu. Yang'anani ming'alu, malo otitimira, zulu za ciswe ndi madzi ofiira. Mukaona zotere, uzani mwini mwaulemu. Akanyozera, kanenani kwa amfumu, ku khonsolo kapena ku WARMA. Ana anu adziwe citunda cothawirako. Mvula ikagwa usiku wonse ndipo damu ladzaza, musayembekeze kumva mkokomo. Nyamukani kukali nthawi, katundu mumsiye.

Akulu anati madzi saiwala khwawa. Tsiku limene khoma lidzalephera, adzatsata njira yao yakale, osafunsa amene wamangamo nyumba.